Bokosi la Nsapato za Malemu

Mapepala anga okhalira kuno ku America anatha mphamvu mwana wanga ali m'mimba. Ndiyambire pamenepo, chifukwa mukapanda kudziwa zimenezo muziti mayi ameneyu ankanjenjemereranji ndi bokosi la nsapato zakale. Mwanayo anabadwira kuno, ndi wakuno, boma lakuno limamuwerenga ngati wake. Ine ayi, bambo ake ayi. Tsono tsiku lililonse ndikamatseka chitseko ndinkadziwa kuti ine akhoza kundikweza ndege iye n'kutsala, ndipo chaka chimenecho apolisi a m'dera lathu la Woodbridge anali atayamba kufunsa mapepala munthu akangomuimitsa pamsewu, ngakhale pa nkhani ya nyale ya galimoto yothima.

Tinkakhala m'apatimenti ya chipinda chimodzi, pamwamba, kumapeto kwa khonde lalitali lonunkha anyezi wa mitundu yonse ya anthu. Bambo a mwana ankaimika magalimoto a anthu m'garaja ina mu Washington. Ine ndinkasamala agogo ena achizungu ku Bethesda, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda. Ndinkadzuka kusanache, sitima yoyamba mpaka mumzinda, kenako yapansi ija ya mzere wofiira, maso pansi, mpango wanga nditaumanga ngati duku wamba kuti usakope maso, poti chigwereni nyumba ziwiri zazitali za ku New York zija, mpango wa Chisilamu m'sitima anthu ankauyang'ana kawiri. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7 kwathu ku Mangochi. Chizungu changa chambiri anandiphunzitsa ndi agogowo, pondikalipira.

Khomo loyang'anana ndi lathu, mapazi atatu basi, kunkakhala mayi wina wamkulu kwa ine ndi zaka mwina khumi. Tinakumana kumakina ochapira, pansi. Anayang'ana chitenje chimene ndinaberekera mwana, anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali mpaka ndinachita manyazi, kenako anandilonjera m'Chiswahili. Chiswahili ndimachimva pang'ono, bambo anga ankapita ku Tanzania kukaoda nsalu, ndiye ndinayankha. Anati ndi wa ku Somalia. Ine ndinaseka, ndinati ayi, Asomali ndimawaona ku mzikiti, ndi aatali, a mphuno zosongoka, inu nkhope yanu ndi ya azakhali anga a ku Namwera, ndi mpata wa m'mano womwe. Iye sanaseke. Anati kwawo ndi m'mbali mwa mtsinje wa Juba, alimi a chimanga, ndipo makolo awo anafika kumeneko atamangidwa magoli, kuchokera kutali kumwera, ndipo agogo ake ankati iwo ndi Ayao.

Ndinakhala pabenchi ya kochapira kuja. Ine Myao. Kwathu akuluakulu ankanena za anthu amene anatengedwa kupita kunyanja yamchere osabwerako, koma ndinkayesa anathera m'njira onse. Tsono mmodzi ndi uyu, waima pafupi ndi makina oumitsira zovala, sopo m'manja. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamutchula kuti achemwali, iye ankati mng'ono wanga. Tinkalankhula Chiswahili chothyokathyoka, pena Chizungu, pena manja, koma tinkamvana zonse.

Achemwaliwo ankalera ana a anthu m'nyumba mwawo, atatu, wanga anakhala wachinayi. Ndinkamusiya ali m'tulo, ndinkamupeza atasamba, atadzozedwa mafuta, pamimba pali nga! Mano ake oyamba anawaona ndi iwo. Kiyi wa nyumba yathu anali nawo. Nditadwala chimfine chija cha nyengo yozizira anandiphikira msuzi wa mbuzi wa tsabola n'kundimwetsa ndi supuni ngati khanda. Chinthu chimodzi chokha: za kwawo sankakamba. Ankagula makhadi oimbira foni kunja, ngati ife tonse, ankakanda nambala ija ndi chikhadabo, ankalowa kubafa kukalankhula, potuluka maso ali psuu, n'kuyamba kupukuta tebulo loyera kale. Ndinkaona. Ine ndimaona zinthu, ndi khalidwe langa, koma ndinkati munthu wothawa nkhondo sumufunsa.

Agogo a ku Bethesda anamwalira mwana wanga ali ndi zaka ziwiri. Mwana wawo wamkazi, poyeretsa m'nyumba, anandiitana, anati tenga chilichonse chimene mwamuna wako angavale, zotsala tikataya. Kutaya! Agogowo paunyamata wawo ankakonda kukwera mapiri ndi kuonerera mbalame, ndiye munali nsapato zachikopa zofika m'akakolo mapeya anayi, zolimba ngati za asilikali, majekete osalowa mvula, chikwama chachikulu chakumsana, matochi, ndi magalasi aja oonera zinthu zakutali, awiri. Ndinanyamula zonse m'matumba akuda, maulendo awiri pasitima, anthu akundiyang'ana.

Bambo a mwana anayesa nsapato imodzi, phazi linangosowa m'katimo.

“Izi ndiye tilowamo awiri ndi mwanayu,” anatero. “Mzungu wako uja anali munthu kapena njovu?”

“Mukaika nyuzi kutsogoloku zikukwanani.”

“Ndizikaimika magalimoto a mabwana nditavala ngalawa? Tumiza kumudzi.”

Koma kutumiza kumudzi ndi nkhani ina, ndipo matumba aja anakhala pakona milungu iwiri mpaka achemwali anawaona. Anafunsa muli chiyani, ndinawatsegulira. Anagwira nsapato imodzi, anaitembenuza kuona kuphazi kwake, anaiika pansi pang'onopang'ono. Anati msuweni wawo wina amene amayendetsa takisi akudzaza kontena ya zovala yopita kwawo, ya amayi amasiye ndi ana amasiye, sadaka. Mtima wanga unangoti phee. Mwezi wa Ramazani unali pafupi, ndinalibe choti ndipereke, tsono apa Mulungu wandipatsa chopereka, ndiponso chikupita kwa abale athu otayika aja.

“Zonse, ndi magalasi omwe,” anatero achemwali.

“Aa, achemwali, ana amasiye aziona mbalame?”

“Akagulitsa, agula chimanga.”

Ndinati zoona. Ndinapempha bokosi lalikulu kusitolo ya zakudya, tinalongedzera m'nyumba mwawo masana ena Loweruka, ana akusewera pakapeti. Titamata ndi tepi ndinatulutsa cholembera chakuda chachikulu chimene ndinagula dala.

Apa ndifotokoze, chifukwa anthu akuno nditawauza sanamve. Kwathu katundu satumizidwa wopanda dzina. Mayi anga akamatumiza thumba la mpunga pabasi kwa achimwene ku Blantyre, ankandiitana ine, wasukulu, kuti ndilembe pathumbapo: lachokera kwa uje, mudzi wakuti, likupita kwa uje. Mbali zonse, kuti kondakitala angaliike chotani padenga dzina lizioneka. Ankati katundu wopanda dzina ndi wa kondakitala. Ndiponso wolandira ayenera kudziwa woti amuthokoze ndi kumupempherera. Dzanja langa linakula ndi zimenezo. Ndiye ndinalemba dzina langa lonse, nambala ya apatimenti, Woodbridge, nambala ya foni ya m'nyumba, zilembo zazikulu, mbali zinayi ndi pamwamba pomwe. Bokosi linkaterera pakapeti, achemwali anagwada n'kuligwira ndi manja awiri kuti ndilembe bwino, ndikatha mbali imodzi iwo ankalitembenuza.

Kukhoma kunali mabokosi ena asanu kapena asanu ndi limodzi, a anthu akwawo, opanda ngakhale kachilembo. Ndinawaseka. Ndinati, “Awa ndiye asochera, achemwali, bwerekani cholemberachi.” Anati msuweni amawadziwa onse pamtima. Sanandiyang'ane ponena zimenezo, ankayang'ana tepi.

Panapita miyezi inayi, ndinapeza agogo ena oti ndiziwasamala, bokosi ndinaliiwala. Kenako Lachiwiri lina m'mawa, tsiku langa lopuma, ndikumudyetsa mwana phala, kunamveka kugogoda. Kugogoda kwa mnansi ndimakudziwa, kwa mwini nyumba ndimakudziwa, uku kunali katatu, kofanana, kosafulumira. Ndinasuzumira pakabowo: mwamuna wachizungu ndi mkazi wakuda, onse majekete abwino, mkaziyo atanyamula chikwama chopyapyala. Anaonetsa makhadi a boma. Ndinaganiza zokhala chete, koma mwana anali akumenya supuni patebulo, ng'o ng'o ng'o, ndiye ndinatsegula.

Anali aulemu, ndipo ulemu umenewo ndi umene unandiopsa koposa. Mwamunayo anafunsa ngati avule nsapato. Anakhala pampando wathu wautali uja tinatola kubini, mkaziyo anatulutsa chithunzi n'kuchiika patebulo pafupi ndi mbale ya phala. Bokosi langa. Dzanja langa, zilembo zanga zopendekera zija.

“Munalemba ndinu apa?” anafunsa mkaziyo.

Ndinati inde.

“Mukudziwa kumene limapita?”

“Kwa ana amasiye.”

“Ana amasiye ovala nsapato za munthu wamkulu chonchi? Ndi magalasi oonera patali?”

Ndinati akagulitsa agule chimanga, ndipo mawuwo potuluka m'kamwa mwanga ndinawamva ndekha kupusa kwake. Mwamunayo analankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati kontenayo anaigwira padoko isanafike, ndipo munthu amene amakailandira kumeneko ndi wa gulu la zigawenga zimene zikumenya nkhondo m'dzina la chipembedzo, zodula anthu manja, zotuma achinyamata kukadziphulitsa m'misika. Anati m'kontena yonse, bokosi lokhala ndi dzina linali limodzi. Anafuna kudziwa amene ndinam'patsa.

Ndinati Chizungu changa n'chochepa, sindikumva bwino, adikire mwamuna wanga. Mkaziyo anayang'ana mwana, phala lili m'masaya, anamumwetulira, anafunsa ngati anabadwira kuno. Ndinati inde. Kenako anati, “Lero sitinabwerere za mapepala anu.” Lero. Anasiya kakhadi ka nambala ya foni, anati abweranso Lachisanu m'mawa, ndiganize bwino, ndipo ndidziwe kuti kuwanamiza iwo ndi mlandu paokha.

Atangotsika masitepe ndinamubereka mwana kumbuyo, chinthu chimene ndinali nditasiya chiyambireni iye kuyenda, ndinamanga chitenje mfundo ziwiri, ndinadumpha mapazi atatu aja. Sindinagogode. Achemwali anali kukhitchini akusenda mbatata, ana a eni ake ali pa TV. Anandiona nkhope, mpeni unaima.

“Khala pansi, mng'ono wanga.”

“Sindikhala. Munkadziwa?”

“Tsitsa mwanayo, akulemera.”

“Musamukhudze. Ndati munkadziwa?”

Anapukuta manja pansalu nthawi yaitali. Anati ankadziwa kuti si zonse zimene zidzafike kwa amasiye.

“Munagwada pansi, munandigwirira bokosi ine ndikulemba dzina langa. Munalitembenuza ndi manja anuwa. Mukudziwa ndilibe mapepala, ndinakuuzani ndekha ndikulira pampando uwo. Bwanji osangoti usalembe?”

“Ukanafunsa chifukwa.”

“Basi?”

Kenako, ndipo ichi ndimachimvabe m'makutu, anati msuweni wawo atamuuza kuti pali mayi wa ku Malawi wapereka katundu, anakondwa, anati dzina lachilendo ndi labwino, kontena imaoneka ya anthu amitundumitundu, ya chifundo, saiyang'ana kwambiri.

Ndinawatukwana m'Chiyao, mawu amene sindinawatchulepo chibadwire, kaya anamva kaya sanamve. Iwo anatseka chitseko cha kukhitchini kuti ana asamve, anayamba kulankhula motsitsa, mofulumira, zonse zimene sananene zaka ziwiri.

“Iwe kwanu kuli boma. Lakuba, laulesi, koma lilipo. Wina akakubera mbuzi umadziwa khomo lokagogoda, ngakhale akakuuze kuti ubwere mawa. Kwathu boma linatha ine ndili mtsikana, linangotha ngati madzi m'chitsime. Aliyense anathawira ku fuko lake, ndipo fuko lililonse linali ndi mfuti. Ife alimi a kumtsinje, ife akuda, ana a akapolo, fuko lamfuti tilibe. Chimanga chikacha ankabwera awa, mawa enanso. Popita kumsika, zingwe zotchinga msewu osaziwerenga, pa chilichonse usiyepo kanthu, ndipo mtsikana ankasiyapo chimene ukuchidziwa. Munda wa bambo anga munthu anangofika ndi mfuti n'kuti ndi wake, bambo n'kumalima ganyu m'munda mwawo momwe mpaka kufa. Palibe anabwera. Palibe, wamva? Kenako anafika anyamata awa obisa nkhope. Sabata imodzi zingwe zonse zinachoka. Anakhazika bwalo lamilandu, mayi anga anapita, nkhalamba yakuda yopanda nsapato, anawamvetsera, anati pamaso pa Mulungu palibe kapolo, munda unabwerera tsiku lomwelo. Ukuganiza tsiku limenelo mayi anga anawatcha zigawenga?”

“Ndiye ndi abwino? Odula anthu manja?”

“Ndi afisi! Ndani wati ndi abwino? Atabweza munda anabwera kudzatenga gawo la zokolola. Analetsa ng'oma zathu, anakwapula azimayi chifukwa cha nsalu yopyapyala. Ndipo amadziwa khomo lililonse limene lili ndi m'bale ku America. Amafika kwa mayi anga, amakhala pamphasa mwaulemu, amamwa tiyi, n'kufunsa kuti mwana wanu wa ku America uja watikumbukira ndi chiyani chaka chino. Akamafunsa amayang'ana mdzukulu wawo, mwana wa malemu mng'ono wanga, mtsikana wangoyamba kumera mabere. Asilikali awo amafuna akazi. Ndikapanda kutumiza kanthu, ukuganiza mayi anga akasuma kwa ndani? Bwalo ndi lawo lomwelo.”

Ndinati nanga asilikali akunja amene timamva pa TV kuti akuwathamangitsa.

Anaseka kuseka koipa. “Amabwera, amaphulitsa, amakhala miyezi ingapo, amapita kwawo. Awa amabisala kutchire, amabwerera, ndipo amakumbukira amene anapatsa alendo aja madzi akumwa. Munthu umamvera amene adzakhalepo mawa. Ndiwo amene adzakhalepo mawa.”

Mwana kumbuyo kwanga anali akutambasula manja kuti achemwali amunyamule. Ndinatembenuka kuti asawafikire.

“Ndamva,” ndinatero. “Mwapereka wanga kuti muombole wanu.”

Sanakane. Misozi inkatsika koma sanakane. M'malo mwake anandigwira mkono n'kundipempha chinthu. Anati Lachisanu ndikanene kuti bokosi ndinalisiya pamulu wa zopereka kunja kwa mzikiti, sindikudziwa amene analitenga. Anati msuweni akamangidwa uthenga ufika kumudzi tsiku lomwelo, ndipo kumeneko adzati nyumba ya mayi awo ndiyo yaulula. “Iwe sakuchita kanthu, ndiwe mayi wa mwana wa ku America, akuopseza chabe.” Ndiye kuti ngakhale apo, atandiika kale pamoto, ankafuna ndiwonjezere bodza pamwamba, bodza limene mkazi uja ananena poyera kuti ndi ndende. Ndinachotsa mkono wanga ndi kutuluka.

Bambo a mwana atabwera madzulo ndinawauza ali chiimire, chikwama chili paphewa.

“Unalemba dzina?”

“Ndinalemba.”

“Ndi foni yomwe? Ndi nambala ya chitseko? Iwe, kuno ukuyesa ndi pa depoti ya mabasi ya Wenela? Bwanji sunamatepo ndi chithunzi chako chomwe!”

“Munaliona bokosilo inu, munalinyamula nokha kutsitsa masitepe, simunanene kanthu.”

Anakhala pansi. Anati tithawe, ali ndi mnzawo ku Indiana, tinyamuke mawa. Ndinati tithawa bwanji anthu amene ali ndi dzina langa mbali zisanu, tikathawa ndiye tavomera kuti ndife a gululo, ndipo akatigwira m'njira mwana amutengera kwa anthu osawadziwa. Anati nanga unene zamzikiti zija. Ndinati mzikiti uli ndi makamera, ndipo ndikanamizire nyumba ya Mulungu, apite akavutitse anthu osalakwa?

Masiku atatu amenewo sindinapite kuntchito, ndinati mwana wadwala. Sindinamusiye ngakhale polowa kubafa. Ndinkaima pakabowo ka chitseko kuyang'ana khomo la achemwali, makolo akubweretsa ana m'mawa, akuwatenga madzulo, zonse ngati kale. Kawiri anabwera kudzagogoda, motsitsa, “Mng'ono wanga, mng'ono wanga.” Ndinatseka mwana pakamwa ndi dzanja kuti asayankhe. Poswali ndinkalephera kumaliza, maganizo ankapita kwa mtsikana uja wa kumtsinje amene sindinamuonepo, kenako ndinkayang'ana wanga akugona chala chili m'kamwa, n'kuti Mulungu mundikhululukire, ine ndinabereka uyu.

Lachisanu anafika nthawi imene ananena. Bambo a mwana anajomba kuntchito, anakhala pambali panga atavala shati yoyera ngati akupita kuukwati. Ndinanena zonse: agogo a ku Bethesda, mwana wawo wamkazi, matumba akuda, Ramazani, thumba la mpunga la mayi anga. Pa za thumba la mpunga mwamuna uja anandifunsa kawiri, sankamvetsa kuti munthu angalembe dzina lake pakatundu popanda womuuza. Kenako mkaziyo anati, “Munam'patsa ndani?” Ndinadzuka, ndinatsegula chitseko chathu, ndinaloza.

Ndinawauzanso za mtsikana uja ndi za mayi ake a achemwali, ndinati chonde mudziwe kuti anachita chifukwa cha mantha. Mkaziyo analemba kanthu kochepa. Mwamunayo anati ndathandiza kwambiri.

Achemwali anawatenga masana omwewo, makolo a ana aja anaitanidwa kuntchito kudzatenga ana awo. Anabwerako mawa lake. Msuweni ndinamva kuti sanabwereko. Makolo aja sanabweretsenso ana. Kiyi wathu ndinamupeza atamulowetsa pansi pa chitseko, wopanda kalata. Ku mzikiti azimayi akwawo ndikayala mkeka pafupi ankasuntha yawo, ndipo azimayi akwathu, amene ndinkayesa andigwira dzanja, ankandilonjera ndi nsonga za zala, poti nyumba imene mwalowa anthu a boma aliyense wopanda mapepala amaiopa ngati muli chifuwa chachikulu. Mwezi usanathe khomo loyang'anana nafe linali lopanda makatani. Kumene anapita sindikudziwa. Za mtsikana uja sindikudziwa, ndipo palibe woti ndingamufunse. Pena ndimawakwiyira mpaka kulephera kudya, pena ndimapezeka ndikuwasungira nkhani yoti ndikawauze, mwana akanena mawu atsopano, kenako n'kukumbukira.

Patapita milungu isanu ndi iwiri kunabwera kalata ya khoti loona za anthu olowa m'dziko. Dzina langa, tsiku lokaonekera, ndi mawu akuti boma likufuna kundichotsa. Ndinaimba nambala ya pakakhadi kaja. Mkazi uja anayankha mokoma, anati pepani kwambiri, imeneyo ndi ofesi ina, iye alibe nayo mphamvu. Ndinati koma munati ndathandiza. Anati ndipeze loya.

Loya tinam'peza kudzera kwa mayi wina wa ku Zomba, namwino, Mkhristu, amene sanaope kulowa m'nyumba mwathu. Loyayo anati milandu yotere imatenga nthawi, mwina zaka, mwina tipambana mwina ayi. Kenako anafunsa funso limene palibe anali atandifunsa: mwanayu ali ndi pasipoti? Anati akakutengani mwadzidzidzi iye alibe pasipoti, ndege simukwera naye, atsala, ndipo kumutulutsa pambuyo pake ndi nkhani yaitali.

Pasipoti ya mwana wakuno amafunsira ku positi ofesi, ndipo makolo onse awiri ayenera kuonekera. Bambo ake anakana. Anati choyamba iwo sakaima pamaso pa munthu wa boma dala, kalata yabwera ya ine, ya iwo sinabwere. Chachiwiri, anati, mwana wa ku America ukufuna ukamulowetse m'malungo, akaphunzire pansi pa mtengo, pamene anzake akulira kuti abwere kuno? Ukapita iwe, atsala ndi ine, adzakupeza akakula.

“Atsala ndi inu? Mumachoka kusanache. Muzimusiya kwa ndani? Kwa mnansi?”



Tinakangana milungu itatu. Ndinasiya kuwapempha, ndinangokajambulitsa mwana kufamase, ndinalemba fomu mothandizidwa ndi namwino uja, ndinaika zonse m'envulopu pamwamba pa TV, ndinati Loweruka ine ndikupita, mukapanda kubwera ndikaima pamzerepo ndekha mpaka atseke. Loweruka ndinavala, ndinamuveka mwana, ndinatsika masitepe osayang'ana m'mbuyo. Ndili pamalo odikirira basi ndinamva galimoto yathu yakale ikukhosomola kumbuyo kwanga. Bambo ake ananditsegulira chitseko.

Ku positi ofesi mayi wa pakauntala anatenga kalata yobadwira ya mwana, anatenga mapasipoti athu a ku Malawi, anawatsegula. Anayang'ana zithunzi, anatiyang'ana ife, sanatsegule masamba a ziphaso zolowera m'dziko. Anatiuza tikweze manja tilumbire kuti mwanayu ndi wathu. Tinalumbira.

Pasipoti ya mwana inafika pa positi patatha mwezi ndi theka. Pamene ndikulemba izi tsiku langa la kukhoti alisunthanso kachiwiri, loya akuti tidikire. Pasipotiyo ndinaisokera kathumba m'kati mwa chikwama chimene ndimapita nacho kuntchito, pamodzi ndi yanga, ndipo namwino wa ku Zomba uja, amene tsopano amandisungira mwana masiku ena, ndinamuuza kuti ndikapanda kufika pofika seveni koloko usiku asadikire foni, amutengere mwanayo kwa loya, loya akudziwa kumene angandipeze.